Congalach analowa bwanji ufumu wa Tara?

Moni nonse pagulu pano. Ndikujambula mndandanda wa mafumu a fuko la Uí Néill la ku Ireland, koma ndakakamira pa chaka cha 944.

Kuyambira 734, ufumu wa Tara, womwe unali mpando waukulu wa fuko lonseli, ankasinthana mabanja awiri, Cenél nEógain a kumpoto ndi Clann Cholmáin a kummwera. Mfumu Donnchad Donn wa Clann Cholmáin atamwalira mu 944, inali nthawi ya akumpoto, koma mtsogoleri wawo, Muirchertach mac Néill, anali ataphedwa ndi ma Viking (ankhondo ochokera ku Scandinavia) a ku Dublin mu 943. Mpando anatenga ndi Congalach Cnogba wa Síl nÁedo Sláine, banja lomwe linalawa ufumuwu komaliza mu 728!

Ndawerenga Annals of Ulster, buku lakale la mbiri ya Ireland, pa intaneti mpaka maso kuwawa. Ndajambulanso derbfine, gulu la abale oyenera kulowa ufumu, la mibadwo inayi ya kuchimuna, papepala lomwe pano ladzaza mivi ndi zofufuta. Congalach sakulowamo ngakhale pang'ono.

Chomwe chandikoka mtima n'chakuti mayi ake, Lígach, anali mlongo wa Donnchad. Kwathu kuno mwana wa mlongo kulowa ufumu sitidabwa, koma uko amawerenga kuchimuna.

Ndiye ndithandizeni: derbfine inkagwira ntchito pa Tara, kapena pa ufumu wa banja lokha? Kapena inali nkhani ya mikondo basi?