Mwana akufuna neuroscience, kodi adzatuluka dokotala wa ubongo?

Funso: Anzanga apagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mwana wa achemwali anga akumaliza A-level, Biology, Chemistry ndi Masamu, ndipo akufuna digiri ya neuroscience (sayansi ya ubongo ndi mitsempha) ku England. Kunyumba tonse tikuti tapeza dokotala wa ubongo, mwiniwake akungoseka. Zoona zake n'ziti? Nanga akonzekere chiyani asanapite?

Yankho 1: Mayi, mwanayo akuseka poti akudziwa. BSc (digiri yoyamba ya sayansi) ya neuroscience siipatsa munthu chilolezo chogwira wodwala, ngakhale kumulembera mankhwala. Dokotala wa ubongo, kaya neurologist kaya wa opaleshoni, amayamba ndi digiri ya udokotala, ukadaulo n'kubwera pambuyo. Wa neuroscience akafuna njira imeneyo amakalowa graduate entry medicine (maphunziro a udokotala a anthu amene ali kale ndi digiri), zaka zina 4, ndipo malo ake ndi olimbirana. Digiri ya neuroscience ku England ndi zaka 3, ku Scotland 4. Pa UCAS, pofunsira malo m'mayunivesite a ku UK, amalola makosi 5, koma a medicine asapitirire 4, ndipo a medicinewo amatseka pakati pa Okutobala, mayeso olowera udokotala a UCAT atalembedwa kale. Ngati mtima uli pa udokotala, anayiwo akhale medicine, neuroscience ikhale yachisanu.

Yankho 2: Chaka choyamba ubongo sauona kwenikweni. Ndi biochemistry, cell biology, genetics ndi statistics. Chimene chimagwetsa ambiri ndi magetsi a m'selo. Neuron (selo la ubongo) ikakhala phee, mkati mwake mumakhala pafupifupi -70 mV (ma millivolt, muyeso wa magetsi). Ana amaloweza kuti pampu ya pa khungu la selo imatulutsa sodium 3 n'kulowetsa potassium 2, n'kumati zatha. Ayi ndithu. Pampuyo imangosunga kusiyana kwa mkati ndi kunja. -70 ija imabwera makamaka chifukwa potassium amadontha kutuluka kudzera m'ma channel otseguka. Ndiye funso la mayeso limati potassium wakunja wakwera kuchoka pa 5 mM kufika pa 10 mM (muyeso wa kuchuluka kwake), chichitike n'chiyani? Woloweza amangoti kakasi. Wodziwa Nernst equation, samu yowerengera magetsi amenewa, amachulukitsa 61 ndi log ya 2 (poti 10 kugawa ndi 5 ndi 2), n'kupeza kuti equilibrium potential ya potassium (mlingo wa magetsi pomwe wotuluka ndi wolowa amafanana) yakwera ndi pafupifupi 18 mV, selo layandikira potumiza uthenga wa magetsi. Abwereze ma logarithm panopa, ndipo ayambe Python kapena R (zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta), theka la ola patsiku likwana.

Wofunsa: Zikomo achimwene, zamanambalazi ndimutumizira mwiniwake. Nanga mu labu amatani, amang'amba mitu ya anthu?

Yankho 3: Ayi mayi, kawirikawiri ndi ubongo wa mbewa, ntchentche za zipatso kapena tinsomba ta zebrafish. Wa munthu amauona wosungidwa kale, pa kalasi ya anatomy. Ntchito yeniyeni ndi ya project ya chaka chomaliza, ndipo imafuna kudekha. Ubongo wa mbewa amaulimbitsa mu mankhwala a 4% paraformaldehyde, kenako amauviika mu 30% sucrose (madzi a shuga) mpaka umire wokha pansi pa kabotolo, tsiku limodzi kapena awiri. Akatero amauumitsa n'kuudula pa cryostat (makina odulira zowuma ndi kuzizira), pa -20 °C, tizidutswa ta ma micrometre 30 kapena chapomwepo. Wopupuluma amauchotsa mu sucrose muja ukadayandama. Madzi otsalamo amasanduka ayezi n'kuboola minofu, pa maikulosikopu n'kumangoona mabowo ngati siponji, sabata yonse yapita. Posankha yunivesite afunse ngati project yake ndi ya mu labu kapena yongowerenga zolemba za ena, chifukwa a PhD amayang'ana pamenepo.

Yankho 4: Za ntchito mudziwiretu kuti BSc yokha imam'fikitsa pa research assistant, kampani za mankhwala kapena zosanthula data. Wofuna kudzatsogolera kafukufuku wake, masters kapena PhD sizithawika. Akadzafuna kubwerera kumudzi, ntchito ya ubongo iliko: ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wa MRI (makina ojambula mkati mwa thupi) wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri. Awerenge za kafukufuku ameneyo asanalembe personal statement, zodzifotokoza zimene amalemba pofunsira malo.