Kodi mawanga a padzuwa ndi ukalamba?

Bambo_a_Chisomo:
Akuluakulu ndithandizeni. Mu May 2024 mkulu wina wowotcherera zitsulo pa Kamuzu Road anandibwereka galasi lake lakuda lija ndinaonadi kadontho padzuwa, ine nkumati basi dzuwali lakalamba layamba mawanga ngati nkhope ya agogo. Ndiye dzulo mwana wanga wa Form 3 akuti ayi adadi, nyenyezi zongobadwa kumene ndi zomwe zimakhala ndi mawanga ambiri. Zoona zimenezi kapena sukulu fizi ikungopita mmadzi?

Mphunzitsi_Chipoka:
Bambo a Chisomo mwanayo mumugulire fanta, wakhoza. Dzuwa ndi nyenyezi, lili ndi zaka 4.6 biliyoni ndipo limatenga masiku ngati 27 kuti lizungulire kamodzi. Koma kuli ina yofanana nalo dzina lake EK Draconis, zaka zake ndi cha mma 100 miliyoni basi, khanda lenileni, iyoyo masiku osakwana 3 yazungulira kale. Nde taganizani dainamo ya njinga ija, wakabaza akamapalasa mwa phuma getsi limawala kwambiri eti, nyenyezinso ikamazungulira mothamanga mpweya wotentha wamkatimo umatakasika nkupanga mphamvu ya maginito yochuluka, ndipo pomwe maginitowo aunjikana kutentha kochokera pansi kumakanika kudutsa bwino, malowo amazizirirako nkumaoneka akuda. Kuzizira kwake musati kwa June, ndi madigiri 3,500 kapena kuposa, kungoti pambali pake pali 5,500. Dzuwa lathu mawanga ake sakwana ndi 1% yomwe ya nkhope yake ngakhale atachuluka, zomwe zimachitika zaka 11 zilizonse. Likamakula mphepo yomwe limatulutsa imaligwira buleki pang'onopang'ono, nde liwiro lozungulira limatsika, mawanganso nkumachepa.

NaPhiri_SengaBay:
Aphunzitsi pepani, nyenyezi tikaiona kunyanja kuno usiku ndi kadontho chabe, nde kadontho ka pa kadontho amakaona bwanji? Apa pokha mwatiphika kkkk

Mphunzitsi_Chipoka:
Ayi mayi sakaona ndi maso, amayeza kuwala. Mbali ya mawanga ikatembenukira kuno kuwala kumatsika pang'ono, ikapita kuseri kumakweranso, akawerenga masiku a pakatipo adziwanso liwiro lake. Ntchitoyi anagwira kwambiri ndi makina oonera nyenyezi omwe bungwe la ku America la NASA linatumiza mlengalenga, Kepler wa 2009 kenako TESS wa 2018. TESS yemweyo mu April 2020 anaiona EK Draconis ikulavula moto woposa wina uliwonse womwe tinauonapo padzuwa.

Mjomba_wa_Lifuwu:
Zosangalatsa, nde kuti kadontho ka bambo a Chisomo ndi kaja kanachititsa kuti thambo lifiire usiku ku South Africa mwezi omwewo? Koma achimwene galasi la welding lija musazolowere, ambiri mwa magalasi amenewo sakhala akuda mokwanira, maso mupsa nawo.

Bambo_a_Chisomo:
Ndamva mjomba, sindibwerezanso. Fantayo agula ndi mayi ake, ine ya usipa yomwe sinakwane.