Khonsolo yathu ikusintha galimoto zotola zinyalala, tigule zotani?

Akuluakulu apagulu pano, makamaka amakaniko, madalaivala ndi amene munagwirapo ntchito m'makhonsolo, ndithandizeni nzeru. Ndili m'komiti yoona zaukhondo kukhonsolo yathu, ndipo atipempha kuti tinenepo maganizo athu pa zosintha galimoto zotola zinyalala ndi yosesa misewu. Zomwe tili nazo zatopa. Zina zili pamiyala kugaraja kudikira masipeya, ndipo zomwe zikuyendazo zikatuluka m'mawa palibe amadziwa ngati zibwere zokha kapena chokokedwa.

M'komitimu tagawikana. Ena akufuna makompakita atsopano, aja amapanikiza zinyalala kumbuyo. Ena akuti tiitanitse zogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya, chifukwa ndalama yomweyo tipeza zambiri. Palinso amene akuti tisagule n'komwe, tingochita lendi kukampani kuti zokonza zikhale zawo. Ine mtima wanga uli pa galimoto zonyamula ma skip, zidebe zikuluzikulu zachitsulo zija amasiya pamalo kuti anthu azitayamo zinyalala, koma ndilibe mfundo zokwanira zoti ndiimepo pamsonkhano, ndipo anzanga akopeka kale ndi zithunzi za makompakita. Inu mukanatani?

Yankho la makaniko wa galimoto zikuluzikulu:
Mayi, musanaone zithunzizo pitani kumtaya, mutsitse lole imodzi, mutenge fosholo muvundukule. Kompakita anaipangira zinyalala zopepuka koma zodya malo, monga makatoni, mapepala ndi mabotolo apulasitiki. Lipoti la World Bank la 2018 linasonyeza kuti m'maiko olemera zotsala za chakudya ndi zomera zimakwana 32 peresenti ya zinyalala, pomwe m'maiko osauka zimapitirira theka. Ngati zanu ndi makoko onyowa, phulusa ndi mchenga wosesa pabwalo, ndiye kuti ndi zolemera kale, palibe choti makinawo apanikize. Galimoto imafika pamlingo wa katundu bokosi lisanadzaze, ogwira ntchito n'kumangothirabe poti akuona malo, kenako masipuling'i ndi matayala akumbuyo ndi amene amalira. Mchenga umakhula njanji zomwe chitsulo chopanikiza chimayendamo, umadyanso ma seal a haidiroliki (timphira totchinga oilo kuti asatuluke), oilo n'kuyamba kudontha. Madzi akuda aja otuluka m'zinyalala zowola amabweretsa dzimbiri pansi pa bokosi ngati simutsuka tsiku lililonse. Kompakita si yoipa, koma iyende kumene kuli maofesi ndi masitolo, komwe makatoni ndiwo ambiri.

Yankho la dalaivala:
Akunena zoona amakanikowo. Ine ndiwonjezerepo pa zogwiritsidwa kale ntchitozo. Funsani injini yake. Zambiri zomwe zinapangidwa kuyambira 2014 ku Ulaya ndi za Euro VI, womwe ndi mlingo wa ku Ulaya wochepetsa utsi woipa. Zimafuna dizilo wa sulfure wochepa kwambiri, pafupifupi 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni), komanso AdBlue, madzi apadera ochepetsa utsi woipa, m'thanki yakeyake. Zili ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi yomwe imadziyeretsa ikatentha mokwanira. Tsono galimoto yazinyalala imangoyenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, moti sefayo imachedwa kutentha ndipo imatsekeka. Ikatsekeka kompyuta imachepetsa mphamvu, mumangokwawa mumsewu ngati kamba, ndipo popanda makina owerengera vutolo makaniko wanu angoyang'ana. Komanso onani msewu wolowera kumtaya. Zambiri za kumeneko ndi zofupika pansi kuti otola azikwera ndi kutsika mosavuta, ndiye pamatope ndi m'maenje zimakhula mimba.

Yankho la amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama kukhonsolo:
Chomwe ndingakupempheni ndi choti musagule zonse chaka chimodzi, ngakhale ndalama zitapezeka. Galimoto zamtunduwu kawirikawiri amaziwerengera zaka 7 mpaka 10. Mukagula pamodzi zidzakalambanso pamodzi, ndipo komiti yobwera pambuyo panu idzakhala pomwe muli inupa. Gulani pang'onopang'ono, koma za mtundu umodzi, kuti sefa, mabuleki ndi matayala zizilowana ndipo amakaniko asamaphunzire injini yatsopano nthawi zonse. Mu tenda mulembe kuti wogulitsa asonyeze kumene masipeya amasungidwa, aphunzitse amakaniko anu, ndiponso apereke mabuku ndi makina owerengera mavuto. Za lendi sindikutsutsa, koma werengani bwino mgwirizanowo. Galimoto ikafa, akupatsani ina pakatha nthawi yotani? Matayala ndi mapaipi ophulika alipira ndani? Ndipo khonsolo ikachedwa kulipira, kampani imatha kungotenga galimoto zake, inu n'kutsala opanda ngakhale imodzi.

Yankho la wina:
Pepani, koma yosesa misewuyo ine ndikuona ngati ndi kungodzionetsera. Imafuna tala wosalala wokhala ndi m'mphepete momangidwa, madzi opopera kuti fumbi lisabuke, ndi maburashi omwe sachedwa kutha. Galimoto zikaimikidwa m'mbali mwa msewu imangozilambalala, zinyalala n'kutsala pomwepo. Anthu a matsache ndi mawilibala amalowa paliponse.

Dalaivala uja anayankhanso:
Achimwene, simunasesepo msewu waukulu galimoto zikudutsa mothamanga inu. Pamenepo makina amapulumutsa miyoyo ya osesa. Imodzi yoyenda m'misewu ikuluikulu usiku ndi yokwana, kwinako asiyireni anthu.

Wofunsa uja analembanso:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonsezi. Za kuvundukula lole kumtaya ndikapempha kuti komiti yonse ipite, aliyense akadzionere yekha. Koma pa ma skip palibe wayankhapo, ndiye ndifunsenso. Chomwe chimandikopa ndi choti galimoto siidikira kupakira: imasiya chopanda kanthu, kunyamula chodzaza, n'kumapita, ndipo makina ake ndi ochepa poyerekeza ndi kompakita. Mantha anga ali pawiri. Galimotoyo ikangofa, ma skip onse amasefukira nthawi imodzi, ndipo anthu akatopa ndi fungo amayatsa moto mkatimo, chitsulo n'kupindika. Komanso kumtaya kwathu ndi kutali, ndiye ulendo uliwonse ndi skip imodzi yokha, mafuta n'kumapita. Amene munayendetsapo ntchito yotere, galimoto imodzi inkakwanitsa ma skip angati patsiku, ndipo munkasunga ina yapadera yodikira kapena munkabwereka tsiku lomwe yafa? Nanga mtunda wopita kumtaya ukafika pati m'pamene zimayamba kukhala zotchipa kumanga malo osonkhanitsira zinyalala pafupi, kuti lole yaikulu izikatuta kuchokera pamenepo?