Mawu a Chingerezi okhala ndi "rog" andiimitsa ntchito

Womasulira wa ku Lilongwe: Anzanga, ndithandizeni msanga chifukwa ntchitoyi akuifuna Lachisanu m'mawa. Ndikumasulira kabuku kophunzitsa anthu za malamulo oyendetsera dziko lino, ndipo m'masamba anayi okha ndakumana ndi abrogate, derogate, arrogate, prorogue ndi prerogative. TM (translation memory, nkhokwe ya pa kompyuta ya ziganizo zomwe zinamasuliridwa kale) yomwe anandipatsa eni ntchito yaika "kuthetsa" pa mawu atatu oyambawo, glossary (mndandanda wa mawu ndi matanthauzo ake) palibe, ndipo wondiwerengera wabweza fayilo yonse. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi derogation ya mu gawo 45 la malamulowo, chifukwa ndikalemba kuti boma likhoza "kuthetsa ufulu" dziko likakhala pa ngozi, ndikhala ndanamiza owerenga. Inu mumawalekanitsa bwanji?

Bambo a ku Zomba: Achimwene, mawu onsewo tsinde lake ndi limodzi, mneni wa Chilatini rogare, kutanthauza kufunsa kapena kupempha. Ku Rome wakale, mkulu wa boma akafuna lamulo latsopano ankafunsa msonkhano wa nzika ngati ukuvomereza. Gwirani tsindelo, kenako yang'anani kachidutswa ka kumayambiriro, ndipo tanthauzo lidzatuluka lokha.

Mayi otanthauzira m'khoti: Pepani bambo, koma njira imeneyo ingawagwetse m'mbuna anzathuwa. Abrogate ndi kufafaniziratu lamulo kapena pangano lonse. Derogate ndi kuchotsako kapena kupatukako pa mbali ina ya lamulo, lamulolo likadalipo, ndiye pa gawo 45 ine ndingalembe kuti "kuimitsa kwa kanthawi maufulu ena", ndi kuonetsetsa kuti chiganizo chotsatira chikunena kuti alipo maufulu, monga wokhala ndi moyo ndi woletsa kuzunza munthu, omwe saloledwa kukhudzidwa ngakhale zinthu zitavuta motani. Arrogate alibe chochita ndi kuthetsa, ndi kudzipatsa mphamvu kapena ufulu womwe suli wako. Musaiwalenso derogatory, yemwe amatanthauza mawu onyoza. Ndinamvapo wotanthauzira mnzathu akunena kuti woimbidwa mlandu analankhula "mawu ophwanya lamulo" pomwe mboni inati derogatory remarks, ndipo woweruza anachita kuimitsa mlandu kuti zolembedwa zikonzedwe.

Bambo a ku Zomba: Mayi, zonse mwanenazo zikuchokera ku tsinde lomwelo. Ab ndi kuchotseratu, de ndi kuchotsako, ad ndi kukokera kwa iwe mwini. Mwatsimikiza mfundo yanga.

Mkonzi wa nkhani za ku Nyumba ya Malamulo: Nanga prorogue, bambo? Mu Chilatini prorogare ankatanthauza kutalikitsa, monga kuwonjezera nthawi ya mkulu wa asilikali pa udindo wake, koma lero mawuwa amanena za kutseka chigawo cha zokambirana za aphungu. Wotsatira tsinde angalembe kuti Nyumba yawonjezeredwa masiku pomwe yatsekedwa. Achimwene a ku Lilongwe, chenjerani ndi mawu atatu omwe timakonda kuwaphatikiza. Adjourn ndi kuimitsa kaye zokambirana kuti adzapitirize tsiku lina, prorogue ndi kutseka chigawo chonse aphungu akadali aphungu, pomwe dissolve ndi kuthetsa Nyumbayo kuti anthu akasankhe ena. Mu 2007, pomwe Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatseka zokambirana mkangano wa gawo 65, lokhudza aphungu osintha chipani, uli mkati, ndinalandira nkhani yomwe wolemba wake anati "Nyumba ya Malamulo yathetsedwa", ndipo ikanatuluka choncho anthu akanayamba kufunsa tsiku la chisankho. Mu 2019 vuto lomweli linabweranso pomwe Boris Johnson, nduna yaikulu ya ku Britain panthawiyo, anatseka Nyumba ya kumeneko, khoti lalikulu la dzikolo n'kugamula pa 24 September kuti kutsekako kunali kosemphana ndi malamulo.

Womasulira wa ku Blantyre: Ine amene anandipweteka ndi subrogation m'mapepala a inshuwalansi ya galimoto. Ndinamuyesa m'bale wake wa surrogate, wolowa m'malo mwa wina monga mayi wonyamula pathupi pa banja lina, ndiye ndinalemba kuti kampani "idzakuimirirani". Chomwe ndimeyo imanena n'chakuti kampani ikakulipirani, ufulu wokasumira wolakwayo kuti abweze ndalamazo umakhala wa kampaniyo. Mapepala anali atasindikizidwa kale, ndipo malipiro anga anadulidwa. Kuyambira pamenepo sindikhulupirira TM ya munthu wina pa mawu a malamulo, ndipo ndikukupemphani kuti musavomereze ngakhale match imodzi (chiganizo chomwe TM yakupatsani) musanaiwerenge. Mukakumana ndi letters rogatory, dziwani kuti ndi kalata yomwe khoti limalembera khoti la dziko lina kupempha thandizo, monga kutenga umboni.

Bambo a ku Zomba: Mwaona, kupempha kwatulukiranso. Ndikubwereza kuti wodziwa rogare sangasokere. Ngakhale prerogative anachokera ku gulu lomwe linkayamba kufunsidwa poponya voti ku Rome.

Mayi otanthauzira m'khoti: Mbiriyo ndi yoona bambo, koma mlimi wa ku Dedza akamawerenga kabukuka akufuna kudziwa kuti prerogative ndi mphamvu yapadera ya mwini udindo, monga ya Pulezidenti yokhululukira omangidwa, ndipo "kuyamba kufunsidwa" sikungamufikitse pamenepo. Achimwene, musaike mawu amodzi a Chichewa pa liwu lililonse n'kuwamwaza m'kabuku monse ndi find and replace, njira ya pa kompyuta yosinthira liwu paliponse nthawi imodzi, chifukwa abrogate wa pangano la pakati pa mayiko ndi abrogate wa ufulu wa munthu sangamveke bwino ndi mneni mmodzi. Musatengerenso mawuwa m'Chichewa powasintha kalembedwe, popeza palibe amene amati "kuderogeta" kumudzi. Ndipo musanatumize, pemphani eni ntchito kuti loya wawo awerenge ndime ya gawo 45 yokhayo, avomereze molemba.

Mkonzi wa nkhani za ku Nyumba ya Malamulo: Funso langa ndi lakuti state of emergency, chilengezo choti dziko lili pa ngozi yaikulu monga nkhondo, mwailemba bwanji m'kabukumo? Muonetsetse kuti simunaiphatikize ndi state of disaster yomwe imalengezedwa kukagwa chilala kapena madzi osefukira, chifukwa derogation ya mu gawo 45 imayendera yoyambayo.

Bambo a ku Zomba: Achimwene, tumizani ziganizo zisanuzo momwe zilili m'Chingerezi, ndikuonetseni tsinde pa chilichonse.