Nyumba yachikasu ya pagombe ku Cascais: tipite tsiku liti, nthawi yanji?

Nangondo

Moni nonse. Mwezi wa June ndidzakhala ku Lisbon, likulu la Portugal, masiku anayi ndi mayi anga, ndipo tsiku limodzi tikufuna tikaone nyumba ija yachikasu yokhala ndi nsanja ku Cascais, imene pazithunzi madzi amafika mpaka m'munsi mwa khoma lake. Chandisokoneza n'chakuti ena akuitchula Casa de Santa Maria, ena Condes de Castro Guimarães. Kodi ndi nyumba imodzi? Tikwere chiyani, ndipo tipatule maola angati? Mayi ali ndi zaka 71, amayenda okha bwinobwino koma masitepe akachuluka mawondo amawavuta.

Mbewe wa ku Amadora

Achemwali, ndi nyumba ziwiri, zangoyandikana. Pakati pake pali msewu ndi kamlatho kamiyala, ndipo kuchoka pa ina kufika pa inzake simutha mphindi zitatu. Anthu amazisokoneza chifukwa zonse anamangitsa munthu mmodzi, Jorge O'Neill, Mpwitikizi amene makolo ake anachokera ku Ireland.

Yachikasu yansanja imene mukunenayo ndi Museu Condes de Castro Guimarães. O'Neill anaimanga cha m'ma 1900 n'kuitcha Torre de São Sebastião. Mu 1910 anaigulitsa kwa Manuel de Castro Guimarães, ndipo bamboyu atamwalira mu 1927 anaisiyira tawuni ya Cascais pamodzi ndi katundu, mabuku ndi munda wake. Inatsegulidwa ngati myuziyamu mu 1931. Casa de Santa Maria ndi ija ili tsidya la msewu, yogundana ndi nsanja ya nyale yotsogolera sitima zapamadzi, ya mizere yoyera ndi yabuluu. Anaijambula ndi Raul Lino mu 1902, ndipo chokopa chake ndi matailosi akale a m'makoma, aja eni ake amati azulejos.

Kayendedwe ndi aka. Kwerani sitima ya CP, kampani ya sitima za pamtunda ya Portugal, pa siteshoni ya Cais do Sodré ku Lisbon, pamene pathera njanji ya Metro (sitima za pansi pa nthaka) ya chizindikiro chobiriwira. Musapite ku Rossio. Kumeneko kumanyamukira za ku Sintra. Yang'anani pa bolodi kuti sitimayo yalembedwa Cascais, chifukwa zina zimathera pa Oeiras. Ulendo ndi wa mphindi pafupifupi 40 ndipo Cascais ndi siteshoni yomaliza, kotero palibe zoti mungapitirire. Mayi muwakhazike kumanzere poyang'ana kumene sitima ikupita, ndi kumene kuli mtsinje wa Tejo kenako nyanja.

Mukatsika, tsetserekani kulowera kugombe, dutsani pa Praia da Ribeira pamene pamakocheza mabwato a asodzi, zungulirani linga la Cidadela, mudzaiona nyumbayo mutangodutsa doko la maboti. Wamiyendo yolimba ndi mphindi 15, ndi mayi werengerani 25. Chachikulu: Lolemba musapite. Pamakhala potseka.

Nasibeko

A Mbewe afotokoza bwino njira, koma pali chinthu chimodzi chimene chimakhumudwitsa alendo ambiri, makamaka ife amene tinazolowera nyanja ya Malawi. Kwathu madzi amene wawapeza m'mawa ndi omwewo udzawapeze masana. Atlantic sili choncho. Madzi amakwera kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene adzaza kufika pamene aphweratu pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa. Chithunzi chimene munaona chija chinajambulidwa madzi atadzaza, atalowa pansi pa kamlatho n'kufika pakhoma. Mukafika ataphwa mudzapeza mchenga wonyowa, miyala yandere ndi timadziwe. Nyumba ndi yomweyo, koma si chithunzi chimene mayi akuchiyembekezera.

Ndiye musanasankhe ola, fufuzani pa intaneti mawu akuti "tabela de marés Cascais". Bungwe la Instituto Hidrográfico ndilo limatulutsa ndandanda imeneyi. Mawu ofunika ndi awiri okha: preia-mar ndi madzi odzaza, baixa-mar ndi madzi ophwa. Khalani pa kamlatho mkati mwa ola limodzi preia-mar isanakwane kapena itangopitirira.

Pali misampha iwiri. Woyamba, nthawiyi imachedwerako mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho ola limene mnzanu anapitako sabata yatha silingakuthandizeni. Wachiwiri, ndandanda zina zimalemba nthawi ya UTC (nthawi yoyendera dziko lonse, imene sisintha ndi nyengo), pamene Portugal amakankha wotchi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October. M'mwezi wa June, ngati ndandanda yanu ili ya UTC, onjezani ola.

Madzi amadzaza kwambiri masiku oyandikana ndi mwezi watsopano kapena mwezi wathunthu, pamene kusiyana kwa kudzaza ndi kuphwa kumafika mamita atatu. Masiku amenewo ku Cascais madzi amakhala ophwa m'mawa n'kudzaza cha m'ma 3 kapena 4 koloko masana. Tsiku lanu likagwera pamenepo, yambani ndi za mkati mwa nyumba, mudye nkhomaliro, zithunzi zibwere pambuyo. Mayi atengeko juzi yopepuka: masana a chilimwe kumaomba mphepo yochokera kumpoto, nortada, yozizira ndithu ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Nangondo

Zikomo kwambiri, za madzizi sindikanaziganizira n'komwe. Nanga mkatimo muli chiyani choti tisachiphonye? Ndipo za matikiti a sitima, ndingagule imodzi ya tonse awiri?

Chisale K.

Ayi mayi, aliyense akhale ndi khadi lake. Khadi ndi lapepala lolimba, masiku ano limatchedwa Navegante (ena akulitchulabe Viva Viagem), mtengo wake ndi masenti 50 ndipo mumaikamo maulendo kapena ndalama. Njira yosavuta ndi imene amati zapping: mwaikamo ndalama, khadi lomwelo likugwira pa Metro, pa basi za Carris ndi pa sitima ya ku Cascais. Chimene chimalakwika n'chakuti munthu amagula maulendo a Metro okha n'kupita nawo pa geti la sitima. Geti silitseguka, ndipo khadilo silingalandire tikiti ya mtundu wina mpaka maulendo akalewo atatha. Khadi musalitaye kapena kulipinda mukalowa, mudzalifunanso potuluka ku Cascais.

Za mkati. Nyumbayi si yaikulu, ola limodzi likwana, ola ndi theka kwa wokonda kuwerenga zolembedwa. Mukangolowa muli bwalo lozunguliridwa ndi khonde, makoma ake okutidwa ndi matailosi a kalembedwe ka Chiarabu cha ku Spain. Ndi malo abwino oti mayi apumirepo. Kenako pali chipinda chimene ambiri amangodutsa osakweza maso: kudenga kwake kuli masamba atatuatatu, chizindikiro cha Ireland, chimene O'Neill anasiya ngati chikumbutso cha kwawo kwa makolo. M'chipinda cha nyimbo muli limba lalikulu la mapaipi limene linapangidwa mu 1912, nthawi ya Castro Guimarães. Palinso makabati a matabwa osemedwa ku India nthawi ya Apwitikizi, a timadilowa tambirimbiri, oyenera kuwayang'ana pafupi.

Koma chuma chenicheni cha nyumbayi ndi buku lolembedwa pamanja, mbiri ya mfumu yoyamba ya Portugal, Afonso Henriques, imene analemba Duarte Galvão kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1500. M'bukumo muli chithunzi chojambula cha Lisbon monga ankaonekera kuchokera pamtsinje. Chivomezi cha pa 1 November 1755 chinagumula mbali yaikulu ya mzindawo pamodzi ndi nyumba yachifumu ya pagombe, ndiye zithunzi ngati chimenechi ndi zochepa zedi. Ndikukupemphani muzimitse fulashi ya foni, chifukwa kuwala kwamphamvu kumafwifwitsa utoto wakale ndipo ukafwifwa subwereranso. Ndingowonjezera kuti mu 1932 mlakatuli Fernando Pessoa anafunsira ntchito yoyang'anira myuziyamu yomweyi, koma sanamulembe.

Pa nkhani ya mawondo: zipinda zam'mwamba ndi nsanja zimafuna masitepe, koma bwalo lamkati, denga la masamba ndi limba zili pansi. Mayi akatopa, kuseri kwa nyumba kuli Parque Marechal Carmona, munda wa mithunzi ndi mabenchi, kulowa ndi ulere, ndipo mumayendayenda mapikoko. Kukwera nsanja ya nyale ija, imene inamangidwa mu 1868, asayese; masitepe ake ndi ozungulira komanso opanikiza.

Mbewe wa ku Amadora

Kuwonjezera pa za a Chisale: pogula tikiti pakhomo funsani ya Bairro dos Museus, yolowera malo angapo, ngati mukufuna kuonanso Casa de Santa Maria ndi myuziyamu ya pa nyale tsiku lomwelo. Mutchulenso zaka za mayi ndipo pasipoti yawo ikhale pafupi, poti a zaka 65 kupita m'tsogolo amachotseredwa mtengo m'malo ambiri ku Portugal. Nsapato zikhale zafulati za mphira. Misewu ya oyenda pansi ndi ya timiyala toyera ndi takuda tosalala, ndipo tikanyowa ndi mvula kapena nkhungu ya kunyanja timaterera, makamaka potsika kuchokera ku Cidadela.