Heck mu [bmim][PF6] yakana, reviewer akufuna ndibwereze

Wa_PhD: Akuluakulu thandizeni msanga. Pepala langa la Heck coupling (reaction yolumikiza ma carbon awiri mothandizidwa ndi catalyst ya palladium, Pd) labwerako, reviewer wachiwiri akufuna recycling ya catalyst ndiibwereze. Koma batch yatsopano ya IL (ionic liquid, mchere wamadzimadzi [bmim][PF6] umene ndikupangiramo reaction) ikungotulutsa palladium black (palladium yogwa ngati fumbi lakuda), yield yagweratu. Pd(OAc)2 yomweyo, base yomweyo. Pepalali likapanda kutuluka sinditsiriza chaka chino. Ndikuphonya pati?

Mdala_wa_Schlenk: Madzi amenewo mphwanga. Karl Fischer (KF), test yoyezera madzi, mwapanga?

Wa_PhD: Reagent ya KF idatha kalekale bwana. Ndaumitsa pa vacuum, 70 °C, usiku wonse.

Mayi_Tekinishani: IL mwapanga nokha kuchokera ku [bmim]Cl? Donthezani AgNO3 m'madzi otsukira, akayera ngati mkaka ndiye kuti chloride ikadalimo. Pa NMR muyang'anenso 1-methylimidazole wotsalira.

Dokotala_Pd: Mayi, mwina nkhani ili mbali inayo. Gulu la Xiao ku Liverpool lidaonetsa mu 2000 kuti Heck imayenda bwino mu [bmim]Br kuposa mu [bmim][BF4]. Proton ya pa C2 ya imidazolium (bmim) imachoka, imidazolium n'kumangirira pa Pd ngati carbene. N'kutheka kuti batch yakale ija inali ndi halide yotsalira imene inkagwirizira palladium, ndipo yatsopanoyi mwaitsukitsa. Zikatero, zimene mwalemba m'pepalamo ziyambe zaonedwanso.

Wa_PhD: Eish, musatero adokotala.

Mdala_wa_Schlenk: Ine ndikuti madzi. PF6 ikakumana ndi madzi pamoto imatulutsa HF, asidi woopsa wodya galasi. Rogers ndi anzake adalemba zimenezi mu 2003. Kale ndidasiya flask pa oil bath, m'mawa galasi lonse lachita mbuu, ladyeka mkati. Calcium gluconate yopaka HF ikakugwerani pakhungu muli nayo pafupi? Ngati mulibe musayatse n'komwe.

Mayi_Tekinishani: Zoona. Komanso pampu yosiya usiku ija samalani nayo. Kwathu magetsi atazima mafuta a pampu adabwerera m'layini mpaka mu sampulo, ntchito ya mwezi kutayika.

Dokotala_Pd: Sinthani mupite ku IL ya [NTf2] m'malo mwa PF6, siiphwanyika ndi madzi chonchi. Kudula kokha. Koma musasakanize data ya batch ziwirizo m'tebulo limodzi, retraction imakutsatani mpaka pa Scopus, database ya mapepala.

Mdala_wa_Schlenk: NTf2 nayonso imamwa madzi, pang'ono chabe koma imamwa. Dzinja lino botolo mukalitsekula kawiri basi kwatha. Kabwerekeni KF.

Mlongo_wa_Analytical: Pepani kulowa m'kamwa, journal yake ndi iti? Ine akundiuza ndilipire APC (ndalama yosindikizira pepala) m'madola, pomwe komiti ya promotion ikuti mapepala a conference sawerenga. Alipo adapatsidwapo waiver yoti asalipire?

Mdala_wa_Schlenk: Waiver pemphani potumiza pomwepo chemwali, akalandira pepala sakumveraninso. Mphwanga, madzi aja mwayeza?