Ampu ya mu Sienta yapsereza ma MOSFET atsopano

Wa pa Boma: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ndi ampu (amplifier ya nyimbo) ya ma channel awiri yochokera mu Sienta ya kasitomala wanga, imanyamula anthu pakati pa Boma ndi Monkey Bay. Inabwera yosayaka, ikununkha chopserera. Nditatsegula ndinapeza kuti mwa ma MOSFET 6, ma transistor a ku power supply aja, awiri aphulika. Ndi IRFZ44N. Ndachotsa awiriwo, ndaika atsopano, ndalumikiza ku batire, ndagunditsa waya wa remote woyatsira ampu. Kagetsi kobiriwira kangophethira kamodzi, kenako utsi fuu! Atsopano aja apsa, ndi ina yachitatu pamwamba. Mwini galimoto akungoimba foni. Kodi ndagula abodza?

Madala a ku Monkey Bay: Mwana wanga, ika ayironi pansi kaye. Usawotcherere chilichonse. Ndiuze za fyuzi, unaipeza bwanji?

Wa pa Boma: Fyuzi munalibe, madala. Anapiringiza tiwaya ta kopa pamalo pake. Dalaivala akuti inkapsa kawirikawiri, ndiye anatopa kugula.

Madala a ku Monkey Bay: Ndiye nkhani yayambira pamenepo. Fyuzi ija inkapsa chifukwa mkatimo munali kale chinthu chokoka moto wambiri. Atamanga waya, moto unasowa choudula, n'kukagwera ma MOSFET. Iwe waika atsopano pa matenda omwewo. Abodza alipodi pamsika, sindikukana, koma pano ngakhale enieni akanapsa.

Chinanso, ma MOSFET a ku power supply sitisintha awiriawiri. Amagwira ntchito mogawana katundu, atatu mbali ino, atatu mbali inayo, kusinthana kukoka pa thiransifoma. Imodzi ikapsa, anzake avulala kale ngakhale akuoneka bwino. Chotsa onse 6.

Achemwali a ku Makawa: Achimwene, ndionjezere pa zomwe anena madala. Musalumikizenso ampu yodwala ku batire mwachindunji. Tengani babu ya headlight ya 12V 55W, muidutsitse pa waya wa positive pakati pa batire ndi ampu. Ampu ikakhala bwino, babu imawala kamphindi pamene ma capacitor akudzaza, kenako imazilala. Ikangowala ngwee osatsika, muli shoti, chotsani msanga. Babuyo ndi imene imamwa motowo m'malo mwa zida zanu. Ine pa tebulo langa ndinaikhomerera pa thabwa, siichoka.

Wa pa Boma: Zikomo achemwali. Babu ndili nayo. Ndachotsa onse 6. Ndiyang'ane chiyani tsopano?

Madala a ku Monkey Bay: Pamwendo wa gate wa MOSFET iliyonse pali karezista kakang'ono. Werenga mitundu yake, kenako yeza ndi mita kamodzikamodzi. MOSFET ikapsa, nthawi zambiri 12V imabwerera kudzera ku gate, n'kupha karezistako, mwinanso ndi titransistor tiwiri toyendetsa gate tili kumbuyo kwake. Karezista kakaduka, gate imatsala yolendewera, MOSFET imatseguka theka osatsekeka, n'kutentha mpaka kuphulika.

Ukatha apo, ipatse moto ampuyo, ma MOSFET asanabwerere. Ngati IC yoyendetsa power supply yako ndi TL494, pa pin 14 uyenera kupeza 5V, pa pin 12 moto wa batire. Ndiye yeza pamalo pa gate iliyonse, mita ili pa DC. Upeze cha m'ma 5V, ndipo mbali ziwirizo zifanane. Ine ndilibe oscilloscope, koma njira imeneyi yandidyetsa zaka zambiri.

Achimwene a ku Namwera: Ine maganizo anga ndi earth. Magalimoto a kuno amagwedezeka kwambiri pokwera phiri, bawuti imamasuka, ampu n'kuyamba kulowa protect, kudzizimitsa yokha. Mwaona komwe anamanga earth mu Sienta'mo?

Achemwali a ku Makawa: Earth aione ndithu, achimwene, koma pano yapsera pa tebulo, pa batire ina. Vuto lili mkati.

Wa pa Boma: Pepani ndachedwa, magetsi anazima, ayironi inazizira. Nazi zomwe ndapeza. Ma rezista ndi a 47 ohms. Awiri ndi oduka, mita siikuwerenga kanthu, pomwe ndi maso akuoneka abwinobwino. Ka A1015 kamodzi kachita shoti. Ndasintha zonsezo. Pin 14 ikupereka 5V, ma gate onse akufanana. Ndiike ma MOSFET?

Madala a ku Monkey Bay: Ayi, dikira. Wapeza zimene zinapha atsopano aja, koma chimene chinkapsereza fyuzi sunachipeze. Pita ku mbali ya output. Muli ma transistor anji?

Wa pa Boma: D718 ndi B688.

Madala a ku Monkey Bay: Mita pa diode, yeza pakati pa collector ndi emitter pa iliyonse. Ikalira kapena kuonetsa pafupi ndi 0, ichotse pa board uyezenso ili payokha, chifukwa pa board, imodzi yakufa imanamizira anzake. Yezanso ma rectifier awiri aja a miyendo itatu ali pafupi ndi thiransifoma, ndi ma rezista akuluakulu oyera a ku emitter.

Wa pa Boma: Madala, mwalasa. D718 imodzi ndi B688 imodzi pa channel ya kumanzere zonse zachita shoti. Rezista ya 0.22 yang'ambika. Ma rectifier ali bwino.

Achemwali a ku Makawa: Eya. Ziwirizo zikachita shoti, rail ya positive ndi ya negative, njira ziwiri zopititsa moto ku ma output, zimakhala ngati mwazimanga pamodzi, power supply n'kumakoka mpaka kufa. Tsopano funso langa ndi la masipika. Ma output safa okha. Mufunseni dalaivala kuti kumbuyoko analumikiza chiyani, kapena bwino mupite mukaone nokha.

Wa pa Boma: Galimoto yabwera, ndaona. Muli ma sub awiri a 4 ohms, positive ku positive, negative ku negative, onse pa bridge, ma channel awiri aja ataphatikizidwa kukhala imodzi. Pa ampu palembedwa kuti bridge ndi 4 ohms. Ampuyo inali pansi pa mpando, yomangidwa pa kapeti, pamwamba pali chiguduli chopukutira galimoto. Earth anaimanga pa bawuti ya mpando, penti osapala.

Achimwene a ku Namwera: Earth ija ndimanena.

Madala a ku Monkey Bay: Munanenadi achimwene, ikonzedwe. Koma chopha chenicheni ndi masipikawo. Awiri a 4 ohms olumikizidwa choncho amapanga 2 ohms. Pa bridge channel iliyonse imaona theka, ndiye kuti 1 ohm. Ampu imeneyo siinapangidwire katundu wotero. Onjezapo kutentha kwa kuno mwezi wa October, galimoto itaima padzuwa pa depoti kudikira anthu, nyimbo zili pamwamba, ampu yofunditsidwa chiguduli. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa dalaivalayo sanachite mwadala. Amene anamuikira ndi amene sanamuuze.

Pobwezera, sub iliyonse ipite pa channel yake. Kapena alumikize motsatizana, positive ya ina ku negative ya inzake, zikhale 8 ohms pa bridge. Njira zonse ziwiri channel iliyonse imaona 4 ohms, mphamvu n'chimodzimodzi. Adzadandaula kuti bass yatsika pang'ono. Umuuze zoona, kuti akafuna yoposa apo agule monoblock, ampu ya channel imodzi, yolembedwa 2 ohms.

Achemwali a ku Makawa: Pa ma MOSFET, onse 6 akhale a mtundu umodzi, ogulidwa pamodzi. Ngati ena atsopano amene muli nawo ndi a gulu lomwe lija la amene anapsa, itanitsani 6 ku Limbe, minibasi ibweretsa. Timapepala ta mica kumbuyo musaiwale, chifukwa msana wa transistor uli ndi moto, ukakhudza heatsink mwayambiranso. Pakani compound pang'ono, mangani zolimba musanaiyatse nthawi yaitali. Ndipo musanalumikize sipika, yezani DC pa ma terminal a sipika. Ikhale pafupi ndi 0, ma millivolt ochepa chabe. Ikaonetsa ma volts, ma driver, titransistor toyendetsa ma output a channel ija, adakali ndi vuto, sipika ipsa.

Wa pa Boma: Akuluakulu, katundu wafika lero m'mawa. Ndaika zonse, ndayatsa kudzera pa babu. Yawala kamphindi n'kuzilala. Ma rail awiri akufanana. DC pa sipika kumanja 12mV, kumanzere 20mV. Ndachotsa babu, ndaika fyuzi ya saizi yolembedwa pa ampu, yaimba ola lathunthu pa tebulo, heatsink yangofunda. Mu galimoto ndapala penti mpaka chitsulo chawala, earth ndafupikitsa, ampu ndaikweza pa kathabwa kuti mpweya uzidutsa. Injini ikuyenda pa ma terminal pakufika 14V. Zikomo kwambiri madala, achemwali, achimwene.

Madala a ku Monkey Bay: Wagwira ntchito. Chatsala chimodzi. Pa waya waukulu wochokera ku batire pali fyuzi?

Wa pa Boma: Palibe, madala. Wangodutsa pabowo la chitsulo kulowa mkati.

Madala a ku Monkey Bay: Asachoke choncho, mumakwera ana a anthu m'menemo. Ika fyuzi pafupi ndi batire, osapitirira hafu mita, ndipo pabowopo uike rabala. Akamadutsa kuno mawa umuuze aime, ndidzaimve ndekha.